Kabwato Koyenda ndi Wailesi

M'midzi ya ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi mulibe mwana wosadziwa galimoto ya waya. Anyamata amatola mawaya akale, nawapinda mwaluso, napanga malole ndi mabasi a mawilo a zitini. Ciongolero cace cimakhala waya wautali wofika m'manja mwa mwini, kotero kuti iye amayenda ciimire, galimoto iri patsogolo, nikhota kumene iye afuna. Munthu ali kuno, cinthu ciri uko, koma cimamumvera. Nanga wayayo atacotsedwa, ndipo cinthuco citaikidwa pamadzi, pamene mwini sangathe kucilondola pambuyo, zingatheke kodi? Zimatheka ndithu. M'maiko ambiri muli amisiri, ana ndi akulu omwe, amene amapanga timabwato ting'onoting'ono, natiyendetsa ndi wailesi iwo ali pamtunda. Mwa timabwato tonseto, kosabvuta kupanga ndi kamene kamatsanzira bwato la katundu la mumtsinje, limene Angerezi amalicha barge.

Bwato la katundu

Bwato limeneli silikongola ai. Maonekedwe ace ali ngati bokosi lalitali: pansi pace ndi pophwatalala, m'mbali mwace ndi mowongoka, ndipo kutsogolo kokha ndiko kopendeka. Silipangidwira liwiro, koma kusenza. Mabwato ambiri otere alibe injini. Amakokedwa kapena kukankhidwa ndi sitima ina. Pa mtsinje wa Mississippi ku Amereka sitima imodzi imakankha mabwato 15 omangidwa pamodzi, ndipo lirilonse limanyamula matani ngati 1,500. Katundu wa bwato limodzi lokha angadzaze malole akuluakulu pafupifupi 50.

Ku Katete kulibe mtsinje woti bwato lotere n'kuyendamo. Timitsinje ta kumeneko timasefukira nthawi ya dzinja, koma pofika mwezi wa Okutobala tambiri timasanduka mcenga wokhawokha. Mwana wa ku Katete amaona madzi ambiri pokhapokha ali pa ulendo wa ku Lusaka, basi ikamaoloka Luangwa pa ulalo umene unatsegulidwa mu 1968. Komabe mabwato a katundu ali m'mbiri ya dziko la kum'mawa lino. Boma la Fort Jameson, limene tsopano ndi Chipata, litakhazikitsidwa mu 1899, kunalibe njanji kapena mseu wa galimoto wocokera kumene kuli Lusaka lero. Nsaru, mcere, makasu ndi zitsulo zinali kufika pa doko la Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja ya mcere. Kumeneko katundu anali kupakiridwa m'mabwato omangiriridwa m'mbali mwa sitima ya nkhuni, ndipo sitimayo inali kukwera mtsinje kufikira ku Tete. Pocoka ku Tete katunduyo anali kuyenda pamitu pa amtengatenga, ulendo wa masiku ambiri. Lero malole opita ku Tete amapatuka pa Katete, nadzera pa cipata ca Chanida.

Zambezi ndi mtsinje waukulu, koma m'cirimwe madzi amacepa, ndipo mcenga umaunjikana pakati pa mtsinje. Ngalawa ya pansi posongoka, yonga za m'nyanja, ikadatitimira mumcengamo tsiku ndi tsiku. Bwato la pansi pophwatalala limalowa m'madzi pang'ono pokha ngakhale lasenza kwambiri. Cifukwa cace nciani?

Cifukwa cace citsulo cimayandama

Msomali ukaponyedwa m'ndowa ya madzi umamira pomwepo. Koma beseni la citsulo, lolemera kuposa misomali 100, limayandama. Munthu amene anayamba kulongosola cinsinsi cimeneci anali Archimedes, Mgriki wa mumzinda wa Syracuse pa cisumbu ca Sicily, amene anamwalira zaka 212 Yesu asanabadwe. Iye anapeza kuti cinthu cikalowa m'madzi cimakankhira madzi ena pambali kuti cipeze malo, ndipo madzi nawonso amacikankhira m'mwamba. Mphamvu imene madzi amakankha nayo imalingana ndi kulemera kwa madzi amene acotsedwa pamalo pao. Msomali umacotsa timadzi tocepa, tosakwanira kuunyamula. Beseni, popeza ndi lotambalala ndiponso lopanda kanthu m'kati, limacotsa madzi ambiri lisanalowe n'komwe kufika pakati.

Tsono madzi ali ndi khalidwe lina lokondweretsa wowerengera: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Pa cifukwa cimeneci mwana wa Giredi 6 angathe kudziwa katundu amene kabwato kace kadzanyamule, thabwa lisanadulidwe ndi limodzi lomwe.

Pansi pa kabwato pakhale pa masentimita 60 m'litali ndi masentimita 20 m'lifupi, ndipo mbali zace zikwere masentimita 10. Kabwato kotere kakalowa m'madzi sentimita imodzi, kamacotsa madzi okwana 60 kuculukitsa ndi 20, ndiwo makyubiki sentimita 1,200. Makyubiki sentimita 1,000 ndiyo lita imodzi. Motero madziwo ndi malita 1.2, ndipo kulemera kwao ndi makilogalamu 1.2. Ndiko kunena kuti pa makilogalamu 1.2 alionse kabwato kamatsika sentimita imodzi. Ngati matabwa, mota ndi mabatire zonse pamodzi zilemera makilogalamu 2.4, kabwato kopanda katundu kadzalowa m'madzi masentimita 2 okha. Mwini akalola kuti kalowe mpaka masentimita 6, madzi adzanyamula makilogalamu 7.2. Pocotsapo kulemera kwa kabwato keni keni patsala makilogalamu 4.8 a katundu, amene ali pafupi kukwana mapaketi asanu a shuga a kilogalamu imodzi imodzi. Masentimita 4 otsala pamwamba pa madzi si malo owonongeka ai. Ndiwo moyo wa bwato.

Kukhoma thupi la kabwato

Anyamata ambiri amathamangira wailesi, cifukwa ndiyo yodabwitsa. Kumeneko ndi kuyamba nyumba ndi denga. Nchito yaikulu iri pa thupi la kabwato. Likakhala lodontha kapena lopendekera mbali imodzi, wailesi ya mtengo wapatali siingalipulumutse.

Matabwa oyenera ndi opyapyala ndi opepuka, monga a mabokosi akale a katundu, a paini kapena a malaina. Mlombwa ndi wabwino pa mipando ndi zitseko, koma kuuononga pa coseweretsa n'kusadziwa mtengo wace. Kalipentala wa pamsika sakhala wopanda zidutswa zotsala, ndipo mwana wopempha mwaulemu kawirikawiri sabwerako cimanjamanja. Pafunika thabwa la pansi, awiri a m'mbali, limodzi la kumbuyo ndi limodzi la kutsogolo. A m'mbaliwo adulidwe masentimita 60 kumunsi ndi 70 kumwamba, kuti kutsogolo kukhale kopendeka. Kupendeka kumeneku kumacititsa kuti kabwato kakwere pamwamba pa madzi m'malo mowabulumiza ndi cipumi. Matabwa awiriwa aphatikizidwe ndi kudulidwa nthawi imodzi, pakuti akasiyana ngakhale pang'ono kabwato kamayenda cokhota masiku ace onse.

M'ngodya zonse za m'kati muikidwe timitengo tating'ono ta mbali zinai, ndipo matabwa amatidwe pa timitengoto ndi guluu wosasungunuka m'madzi, nakhomedwe ndi timisomali. Kenaka m'katimo mugawidwe zipinda zitatu ndi timatabwa tiwiri topingasa. Cipinda ca pakati, cacikulu, ndi ca katundu. Ca kumbuyo ndi ca mota ndi wailesi. Ca kutsogolo cidzazidwe ndi timabotolo ta pulasitiki totseka bwino, ndi kukhomeredwa civindikiro. Sitima zazikulu nazonso zimagawidwa zipinda motere, kuti cipinda cimodzi cikabooka madzi asafalikire ponse.

Madzi amapeza njira pamene diso siliona mpata. Cifukwa cace m'molumikizira monse mumatidwe phula losungunula, ndipo kabwato konse kapakidwe penti wa mafuta katatu, kunja ndi m'kati momwe. Penti woyamba aume tsiku lathunthu wina asanapakidwe. Apa ndi pamene ambiri amalephera, cifukwa mtima uli kale ku madzi; koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Penti akauma, kabwato kaikidwe m'bafa la madzi, njerwa imodzi iri m'kati mwace, kagone momwemo usiku wonse. M'mawa mukapezeka ngakhale kadontho, malowo afunidwe ndi kumatidwanso.

Mzere wa katundu

Kabwato kakapambana mayeso amenewa, mwini ayese masentimita 6 kucokera pansi, nalembe mzere woyera mbali zonse ziwiri. Mzerewu ukabisika m'madzi, ndiye kuti katundu wapyola muyeso.

Mzere wotere uli ndi mbiri yomvetsa cisoni. Kale ku England eni sitima ena adyera anali kupakira katundu wopitirira, ndipo sitima zinali kumira pamodzi ndi amalinyero ace. Munthu wina wa m'nyumba ya malamulo, dzina lace Samuel Plimsoll, analimbana ndi mkhalidwe umenewu zaka zambiri, osatopa ngakhale olemera anamuda. Mu 1876 lamulo linakhazikitsidwa lakuti sitima zilembedwe cizindikiro m'mbali. Kufikira lero sitima za katundu za m'nyanja ziri ndi kabwalo kodulidwa ndi mzere pakati, ndipo mzerewo umachedwa ndi dzina la Plimsoll. Ngozi ya katundu wopyola muyeso si ya kutsidya kwa nyanja kokha ai. Pa Kazungula, pamene Zambia amakumana ndi Botswana, malole anali kuoloka Zambezi pa pontuni, ndilo bwato lophwatalala lonyamula magalimoto, kufikira ulalo utatsegulidwa mu 2021. M'caka ca 2003 pontuni ina inagubuduka pamenepo itanyamula lole yolemera kwambiri, ndipo anthu oposa 10 anamira.

Kulemera kokha sindiko kumagubuduza bwato. Malo a katundu nawonso ali ndi mlandu. Zolemera zikhale pansi ndi pakati. Njerwa imodzi yogonekedwa pansi siibvuta, koma njerwa yomweyo ikaimikidwa pamwamba pa bokosi, kamphepo kakang'ono kamakwanira kugwetsa zonse. Katundu wogubuduzika, monga miyala yobulungira kapena madzi a m'citini cosadzaza, ndiye woopsa koposa, cifukwa kabwato kakapendeka pang'ono iye amathamangira mbali yomweyo, nakapendeketsa koposa kale.

Mota, pulopela ndi tsigiro

Mabwato ena a katundu, monga a pa mtsinje wa Rhine ku Ulaya, ali ndi injini zaozao, ndipo kabwato aka katsanzira amenewo. Injini yace ndi kamota ka magetsi kocotsedwa m'wailesi ya kaseti yakufa kapena m'galimoto yoseweretsa. Batire imodzi ya toci iri ndi mavoti 1.5, ndipo anai olumikizidwa mondondozana amapereka mavoti 6. Mawaya awiri a mota akasinthanitsidwa pa batire, motayo imazungulira cobwerera. Mfundo imeneyi ikumbukiridwe, pakuti ndiyo imabwezera kabwato m'mbuyo.

Cimene cimakankha madzi ndi pulopela. Imadulidwa pa citini: kabwalo ka masentimita 4, kong'ambidwa mapiko atatu, ndipo mapiko onse apotozedwe pang'ono kuloza mbali imodzi. Kabwaloka kawochereredwe ndi mtobvu kunsonga ya sipoko ya njinga, nchito imene wokonza mawailesi amaicita m'kamphindi. Pulopela ikazungulira imaponya madzi kumbuyo, ndipo madziwo amakankha kabwato kutsogolo, monga umo nkhafi imacitira m'manja mwa mlondo wa bwato.

Pano pali bvuto. Mota iri m'kati, pulopela iri kunja, ndipo sipoko iyenera kuboola thabwa. Nanga madzi adzalekeranji kulowera pa bowolo? Amisiri amalowetsa sipokoyo m'cubu ca bolopeni yotha inki. Cubuco cimapyola thabwa la pansi copendeka, nsonga yace ya m'kati iri pamwamba kuposa mzere wa madzi, ndipo cimamatidwa zolimba. M'kati mwace amadzazamo girisi. Madzi sakwera okha kupitirira msinkhu wao wa kunja, ndiponso girisi amawachinga. Sipoko imalumikizidwa ku mota ndi kacubu ka mphira ka pa valavu ya njinga, kamene kamalola kupindika pang'ono.

Tsigiro ndi kacidutswa ka lata koimirira, komangidwa pa waya wolimba wotha kutembenuka. Malo ace ndi kumbuyo kweni kweni kwa pulopela, kumene madzi amathamanga kwambiri. Tsigiro likapatukira kumanja, madzi amaliomba nakankhira matako a kabwato kumanzere, ndipo mutu umaloza kumanja. Galimoto imakhota ndi kutsogolo, koma bwato limakhota ndi kumbuyo. Ndiponso pamene madzi sakuyenda, tsigiro liribe mphamvu konse.

Waya wosaoneka

Munthu woyamba kuonetsa poyera bwato loyenda ndi wailesi anali Nikola Tesla, katswiri wa zamagetsi wobadwa mu 1856 m'dziko limene lero ndi Croatia. Mu 1898, pa cionetsero ca mu Madison Square Garden ku New York, iye anaika kabwato kacitsulo m'thamanda, nakayendetsa, nakakhotetsa, nayatsa ndi kuzima nyali zace, osakakhudza. Masiku amenewo anthu wamba anali asanamvepo za wailesi, pakuti Marconi anadzaolotsa uthenga wace nyanja ya Atlantic mu 1901. Ena mwa oonerera anayesa matsenga.

Si matsenga ai. Mwini amagwira kabokosi kotumiza, ndipo m'bwato muli kena kolandira. Akadina batani, kabokosi kace kamatulutsa mafunde a wailesi, osaoneka ndi osamveka, oyenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi monga kuwala. Batani lirilonse liri ndi kayendedwe kace ka mafunde, ngati ng'oma imene imalira mosiyana pa maliro ndi pa cikondwerero. Kolandira kaja kamatola mafundewo ndi mlongoti wace, nikazindikira batani limene ladinidwa, nikatsegula njira ya magetsi yopita ku mota yoyenera. Mphamvu yoyendetsa kabwato siicokera m'manja mwa mwini. Iri m'mabatire a m'bwato momwemo. Wailesi imangonyamula lamulo.

Kupanga timabokosi timeneti ndi nchito ya fakitale. Koma m'misika muli magalimoto oseweretsa a rimoti, ndipo ambiri amatayidwa mawilo atathyoka pamene za m'kati ziri zamoyo. M'galimoto yotere muli kathabwa kobiriwira ka magetsi kokhala ndi mawaya opita ku mota ziwiri. Ina imayendetsa kutsogolo ndi kumbuyo: imeneyo ipatsidwe pulopela. Inzace imakhotetsa mawilo: imeneyo ilumikizidwe ndi kawaya ku mkono wa tsigiro, ndipo kamphira kakang'ono kazibwezera tsigirolo pakati. Mabatire akhale ofanana ndi amene galimotoyo inali kugwiritsa nchito, cifukwa oculukirapo amaocha kathabwako. Amene ali ndi ndalama amagula kacipangizo kochedwa sevo, kamene kamatembenuza tsigiro pang'onopang'ono monga mwini afunira. Koma kabwato ka katundu sikanyada, ndipo ciongolero ca galimoto yakufa cimakakwanira.

Magetsi ndi madzi ndi adani. Kathabwako katsekeredwe m'kontena ya pulasitiki ya civindikiro, ndi mabowo a mawaya amatidwe. Mlongoti uimirire pamwamba, pakuti mafunde a wailesi sayenda bwino m'madzi.

Tsiku lopita ku damu

Ulendo woyamba ucitike m'mawa kusanayambe mphepo, pamalo osaya, munthu wamkulu ali pomwepo. Kabwato kasanaikidwe pamadzi, mmodzi akanyamule ndi kuyenda nako kutali pamtunda, mnzace akudina mabatani, kuti adziwe pamene wailesi imalekezera. Rimoti ya coseweretsa siifika patali, ndipo mabatire akafooka imafupikiranso. Kumbuyo kwa kabwato kumangidwe ulusi wautali wa mbedza.

Ulusiwu suli wa manyazi. Tsiku lina mabatire adzatha kabwato kali pakati pa damu, kapena ndere zidzakola pulopela. Pamenepo mtima wa mnyamata amene wakhoma matabwa milungu itatu umamuuza kuti abvule malaya. Madamu a ng'ombe ali ndi matope ozama pansi, ndi maenje osaoneka, ndipo amira ana odziwa kusambira. M'madzi oima mulinso nkhono zosunga tizirombo ta likodzo, timene timalowa pakhungu la woyenda m'madzimo. Kabwato kopanda ulusi kakaima, mwini adikire mphepo ikaperekeze kugombe, kapena aponye cingwe comangirira kamtengo kupyola pamene kali, nakakoke.

Woyendetsa watsopano amadabwa ndi cinthu cimodzi: bwato liribe mabuleki. Mota ikazima, kabwato kosenza makilogalamu anai kamapitirirabe, ndipo kakalemera kwambiri kamacedwanso kuima. Pofika kugombe, mota izimitsidwe kabwato kakali patali, kenaka ibwezedwe m'mbuyo pang'ono. Pokhota, mwini akumbukire kuti matako amatayikira kunja, ndipo asiye mpata pakati pa kabwato ndi bango. Kakamabwera kuloza kwa mwini, dzanja lamanja la kabwato limakhala kumanzere kwace, ndipo ngakhale akulu amasokonezeka pamenepo masiku oyamba.

Mafunso

1. Cifukwa ninji mabwato a katundu a pa Zambezi anali a pansi pophwatalala?
2. Kabwato kena ndi ka masentimita 50 m'litali ndi 20 m'lifupi, ndipo kamalemera makilogalamu 2. Kadzalowa m'madzi masentimita angati kali kopanda katundu? Nanga kanganyamule katundu wolemera bwanji kuti kalowe masentimita 5?
3. Samuel Plimsoll anali kulimbana ndi ciani?
4. Tengani citini cophwatalala, muciike m'beseni la madzi. Ikanimo miyala, coyamba pakati, kenaka mbali imodzi. Lembani zimene mwaona.